Likoma, boma la pachilumba, ndi zimene likutiuza ife a ku Phalombe



Ndapemphedwa kuti ndilankhule za malo, chuma ndi kayendetsedwe ka maboma a dziko lino. Pa maboma 28 amene tili nawo ndasankhapo limodzi limene ambiri a ife kuno sitidapondeko phazi, boma la Likoma. Ndalisankha chifukwa Phalombe ndi Likoma ndi amsinkhu umodzi. Onse adabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi. Phalombe adapatulidwa ku Mulanje mu 1998, Balaka adapatulidwa ku Machinga, ndipo Likoma adapatulidwa ku Nkhata Bay. Chaka chomwecho cha 1998 ndi chimene Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la makhonsolo, ndipo mawu amene adamveka pawailesi masiku amenewo adali oti mphamvu ku anthu. Lonjezo lidali limodzi kwa tonsefe, loti munthu asamayende mtunda wautali kukafuna thandizo la boma. Ku Likoma ndi kumene lonjezo limeneli limayesedwa molimba kuposa kwina kulikonse, ndiye ngati tikufuna kudziwa kuti likuyenda bwanji, tiyang'ane kumeneko.

Boma la Likoma ndi zilumba ziwiri za pa Nyanja ya Malawi. Chachikulu ndi Likoma, chimene kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo chaching'ono ndi Chizumulu, cha masikweya kilomita pafupifupi 3, chimene chili chakumadzulo kwa chinzakecho. Munthu wamphamvu zake akhoza kuyenda pansi kuchokera kumpoto kwa Likoma kukafika kummwera kwake dzuwa lisanapendeke. Phalombe wathuyu ndi wa masikweya kilomita opitirira 1,300. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 14,527 m'boma la Likoma, pamene kuno adapeza 429,450. Pa munthu mmodzi wa ku Likoma, kuno tilipo pafupifupi 30. Koma mukagawa anthuwo ndi malo awo muona kuti othithikana kwambiri ndi iwowo: kuno tilipo anthu opitirira pang'ono 300 pa sikweya kilomita, kumeneko ndi oposa 600. Ife amene timadandaula tsiku ndi tsiku kuti minda yachepa, ndipo yachepadi, tiganizire anthu amene athithikana kawiri kuposa ife pa nthaka ya miyala ndi mchenga.

Nthakayo ndi imene imalamula moyo wa pachilumbapo. Kulibe mtsinje ngati Phalombe kapena Sombani, kulibe madambo otakasuka a mpunga ngati athu a kufupi ndi nyanja ya Chilwa. Kuli timapiri ta miyala, udzu, mitengo ya mango ndi milambe yambiri. Mbewu imene imapirira kumeneko ndi chinangwa, ndipo kondowole ndi nsima yozolowereka m'makomo ambiri. Chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima.

Tsono chodabwitsa ndi ichi: zilumba ziwirizi zili m'madzi a dziko la Mozambique. Mukaima kum'mawa kwa Likoma mumaona mapiri a chigawo cha Niassa ndi mudzi wa Cóbuè pafupi pomwepo, ulendo wa bwato. Nkhata Bay, kumene kuli mtunda wa Malawi umene anthu a pachilumba amadalira, ili pa makilomita pafupifupi 70. Kuti zidatheka bwanji kuti malo oyandikana chotere ndi Mozambique akhale a Malawi, nkhani yake imayambira kufupi ndi kuno kwathu. David Livingstone adaona nyanja ya Chilwa mu 1859. Mu 1861 mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA, motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, idamanga ku Magomero, kuseri kwa chigwa chathu chino. Sizidayende bwino. Mackenzie adamwalira ndi malungo mu 1862, ndipo nkhondo za akapolo ndi njala zidachititsa kuti mishoniyo isamukire ku Zanzibar. Itabwerera kunyanja m'zaka za m'ma 1880, ndi anthu monga William Percival Johnson ndi Chauncy Maples, idasankha Likoma kukhala likulu lake, chifukwa pachilumba padali potetezeka ku nkhondo za kumtunda, ndipo kuchokera pamenepo sitima ikadatha kufika m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja. Choncho pamene Angerezi ndi Apwitikizi ankagawana malire mu 1891, gombe la kum'mawa lidapita kwa Apwitikizi koma zilumbazi zidatsala kwa Angerezi chifukwa cha mishoniyo. Mu 1954 maiko awiriwa adagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja m'chigawo chimenecho, ndipo zilumbazi zidakhalabe za Nyasaland, zozunguliridwa ndi madzi a eni ake ena.

Mishoni idasiya zinthu zitatu zimene mpaka lero zikugwira chuma cha boma limenelo. Choyamba ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene adayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela ndi kuchipatula mu 1911, ndipo alendo ochokera kunja amabwera kudzachiona. Chachiwiri ndi chipatala cha St Peter's, chimene chimathandiza a pachilumba ndi a ku gombe la Mozambique omwe. Chachitatu, chimene ine ndimachiyesa chachikulu, ndi sukulu. Anthu a ku Likoma adayamba kuwerenga ndi kulemba kale kwambiri, m'Chinyanja chawo chomwe, chimene Johnson adamasuliramo Baibulo. Pamene nthaka ikukana kudyetsa ana ake, anawo adatenga pensulo. Ku Likoma kudachokera aphunzitsi, ansembe, akalaliki ndi amisiri amene adakagwira ntchito ku Zomba, ku Blantyre, ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, n'kumatumiza ndalama kumudzi. Ophunzira amene muli muno, nkhani iyi ndi yanu. Boma la malo ochepa limagulitsa nzeru za ana ake, ndipo Phalombe, ndi mmene tikuchulukiramu, akulowera komweko.

Koma chakudya cha tsiku ndi tsiku chimachokera m'madzi. Usiku wopanda mwezi, mukaima pagombe muona nyali zitandandalika panyanja. Ameneyo ndi siginala, munthu amene amakhala m'bwato ndi nyali zowala kuti usipa usonkhane pansi pake. Ukasonkhana, anzake a m'maboti amaponya chilimira mozungulira n'kuyamba kukoka. M'bandakucha amayi amakhala ali kale pagombe ndi ndowa zawo, kugula, kutsuka, kuyanika pathandala, ndipo dzuwa likachita ntchito yake usipawo umalowa m'matumba kudikira sitima. Utaka umagwidwanso ndi chilimira chomwecho. Sitima ikachedwa sabata imodzi, mayi amene adagula nsomba pangongole amangoyang'ana matumba ake. Mvula ikagwa masiku atatu otsatizana, za pathandala zimaola. Mphepo ya mwera ikayamba kuwomba miyezi yozizira, asodzi amagona kunyumba, ndipo pamsika wa Mbamba pachilumba cha Likoma ndalama imasowa. Ife a Chilwa timazidziwa izi ndi matemba athu, ngakhale kuti nyanja yathu ndi yosaya, ya mamita ochepa chabe, pamene inayo imazama pafupifupi mamita 700.

Apa ndafika pa mfundo imene ndabwerera. Chuma chonse cha Likoma chimapachikika pa ulendo wa pamadzi. Sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland ndi kuyamba kuyenda panyanjayi mu 1951, imadutsa pachilumba popita kumpoto ndi pobwerera kummwera mu ulendo wake wa sabata ndi sabata. Yagwira ntchito zaka zoposa 70. Ikapita kokakonzedwa ku Monkey Bay, anthu amadalira sitima zing'onozing'ono ndi maboti a matabwa, amene pa mwera amaika moyo pachiswe. Kwa zaka zambirimbiri pa Likoma padalibe doko loti sitima n'kukocheza, ndipo ntchito yomanga doko yachitika zaka zaposachedwapa. Nthawi yonseyo Ilala inkaima patali, n'kutsitsa maboti ake ang'onoang'ono, ndipo anthu ankalowa m'madzi mpaka m'mawondo, nthawi zina usiku, atasenza katundu, atabereka ana, ena atanyamula wodwala.

Titsatire thumba limodzi la simenti yomangira kalasi ku Chizumulu. Lichoka pa lole ku Nkhata Bay, wina alisenza. Likwera sitima, wina alikweza. Litsika m'sitima kulowa m'boti, litsika m'boti kufika pamchenga, lichoka pamchenga kukwera mtunda pamutu pa munthu. Paliponse pamene lagwidwa ndi manja pali malipiro, ndipo likangonyowa ndiye kuti latha. Ndi mmenenso zimakhalira ndi malata, mafuta a galimoto, mankhwala, mabuku a sukulu, shuga ndi sopo. Magetsi kwa nthawi yaitali ankachokera ku injini za dizilo, dizilo wake wobweranso pamadzi, mpaka pamene EGENCO idaikako makina a mphamvu ya dzuwa. Nkhuni zambiri zimawoloka kuchokera ku Mozambique pa ngalawa za matanga. Wodwala amene chipatala cha pachilumba chamulephera amafunika kuwoloka nyanja kuti akafike ku Mzuzu. Bwalo la ndege lilipo, koma amene amatera pamenepo kawirikawiri ndi alendo opita kumalo ogona monga Kaya Mawa.

Ndiye wina akanena kuti anthu 14,000 sayenera kukhala ndi boma lawolawo, ndi bwanamkubwa wawo, ndi maofesi a zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi, ine ndimakana. Boma lisanakhazikitsidwe, kalata iliyonse yofuna chidindo, mlandu uliwonse, nkhani ya malipiro a mphunzitsi, zinkafuna ulendo wa ku Nkhata Bay, ndipo ulendo wa tsiku limodzi unkasanduka wa sabata chifukwa chodikira sitima yobwerera. Akuluakulu muli muno mukukumbukira ulendo wa ku Mulanje boma kuchokera ku Nambazo kapena ku Chiringa, msewu usanaikidwe phula. Kutalika kwa boma kumayezedwa ndi masiku amene munthu wataya ndi ndalama zimene walipira, ndipo pa muyeso umenewo Likoma ankayenera boma lake mwinanso kuposa ife.

Za magawo a ulamuliro sindichedwapo. Likoma lili m'chigawo cha kumpoto. Mfumu yake yaikulu ndi Mkumpha, ndipo pansi pake pali magulupu ndi nyakwawa za midzi monga Makulawe, Yofu, Madimba, Ulisa ndi Nkhwazi, kuphatikizapo Same ndi Chiteko ku Chizumulu. Kuno mafumu aakulu ndi angapo: Mkhumba, Nazombe, Chiwalo, Kaduya, Jenala, Nkhulambe ndi ena. Pa zisankho za 2014 ndi 2019 Phalombe adali ndi madera asanu a aphungu, Likoma limodzi. Mu ulamuliro wa zipani zambiri makhansala adasankhidwa koyamba mu 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka 2014. Pobwereranso, lamulo lidati dera lililonse la phungu m'maboma likhale ndi mawodi awiri. Kuno zidapereka makhansala 10. Ku Likoma, kumene adakupatsa mawodi mwapadera, makhansala adalipo anayi okha. Khonsolo imafuna wapampando ndi womutsatira, imafuna makomiti a zachuma, zaumoyo, zamaphunziro ndi zachitukuko, ndipo wina ayenera kufunsa mnzake mafunso pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Anthu anayi angachite bwanji zonsezi? Dongosolo la makhonsolo adalikonza ndi maso a kumtunda, poganizira maboma aakulu, ndipo pachilumba lidafika ngati malaya osokera munthu wina.

Vuto lomweli limaoneka pa ndalama. Zikagawidwa powerenga mitu ya anthu, boma la anthu ochepa limalandira zochepa, pamene kalasi imodzi kumeneko imadya ndalama zambiri kuposa kalasi ya pa Migowi. Ofesi ya boma imafuna boti ndi mafuta ake kuti ikaone sukulu za ku Chizumulu. Wogwira ntchito m'boma akatumizidwa kumeneko amawerengera mtengo wa ulendo wokaona banja lake, ndipo ambiri amapempha kuti asamutsidwe. Ndikukhulupirira kuti pogawa chuma cha dziko, kuvuta kwa ulendo kuyenera kuwerengedwa molemera monga mmene chiwerengero cha anthu chimawerengedwera. Izi ndikunenera a Likoma, komanso ndikunenera ife.

Pajatu nafenso tili ndi zilumba pakhomo pomwe. Pa Chilwa pali Chisi ndi Thongwe. Chisi ili m'boma la Zomba, m'dera la mfumu yaikulu Mkumbira, ndipo anthu ake amawolokera ku Kachulu. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, amadzaza ndi mvula n'kuphwa ndi dzuwa, ndipo adaumapo mu 1968 ndi mu 1995, n'kuphweranso kwambiri mu 2018. Wina angaganize kuti nyanja ikaphwa, chilumba chapeza mtendere. Zimakhala zosiyana. Pamakhala miyezi imene madzi achepa moti boti silingayende, koma matope ndi akuya moti njinga kapena galimoto singadutse. Nsomba zasowa, ndalama zasowa, ndipo mayi woyembekezera amanyamulidwa pamatope.

Palinso anthu amene mapu a maboma sawaona n'komwe, asodzi a m'zimbowera. Chimbowera ndi kanyumba komangidwa pamwamba pa mabango oyandama, pakati pa nyanja, momwe msodzi amakhala masabata kapena miyezi, akugwira matemba, mlamba ndi makumba. Amaphika pomwepo, amamwa madzi omwewo, chimbudzi ndi nyanja yomweyo. Chilwa adagawidwa pakati pa Zomba, Machinga, Phalombe ndi Mozambique, koma pamadzi palibe chikwangwani cha malire. Kolera ikabuka m'zimbowera, ndi boma liti limene litumize boti? Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe ogwira nawo ntchito adapereka katemera wa kolera wakumwa kwa anthu a panyanjayi, ndipo kwa asodzi a m'zimbowera adachita chinthu chanzeru: atawamwetsa koyamba, adawapatsa katemera wachiwiri kuti anyamule akamwe okha tsiku lake likakwana, podziwa kuti kuwapezanso pamalo omwewo n'kosatheka. Amene adaganiza zimenezo adayamba wayang'ana mmene anthuwo amakhalira, kenaka n'kukonza dongosolo lake.

Tsono Phalombe weniweniyu. Kummwera kwatitchinga phiri la Mulanje ndi Michesi, pakati pake pali mpata wa Fort Lister, kumene Angerezi adamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo. Kumpoto kuli Chilwa ndi madambo ake. Kum'mawa kuli Mozambique, kumene makolo a Alhomwe ambiri adachokera, ndipo mpaka lero malonda ndi ukwati zimawoloka malire amenewo monga mmene a Likoma amachitira ndi Cóbuè. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, madera onse awiriwa adalandira othawa kwawo. Misewu yathu yotulukira ndi yowerengeka: wa ku Chitakale, wa ku Jali ndi Zomba, wa ku Chiradzulu. Uliwonse umadalira milatho, ndipo mitsinje yake imatsika m'phiri mwaliwiro.

Mu Marichi 1991 napolo adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adabwera, ndipo si ine woti ndikuuzeni zimene zidachitika, chifukwa muno muli anthu amene adaika maliro ndi ena amene sadapeze ngakhale mtembo woti aike. Ku Nkhulambe chipatala chidakwiririka ndi miyala ndi matope, misewu ndi milatho zidapita, ndipo kwa masiku ambiri thandizo linkafika pa helikopita basi. Masiku amenewo Nkhulambe adali kutali ndi boma lake kuposa mmene Chizumulu alili kutali ndi Nkhata Bay, chifukwa ku Chizumulu boti limafikako. Ndipo sikuti pamafunika namondwe. Dzinja lililonse pali midzi ya kwa Chiwalo ndi ya m'mphepete mwa nyanja ya Mpoto imene ambulansi imalephera kufikako, kumene wa kabaza amakweza mtengo, kumene ana amajomba kusukulu mtsinje ukadzaza. Nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga wa m'midzi imeneyo mavenda amagula motchipa, chifukwa mlimi sangathe kukafika pamsika pamene pali ogula ambiri.

Kusiyana kwathu ndi a Likoma n'kwakuti iwo amadziwa kuti ali pachilumba chaka chonse. Mwini golosale amaitanitsa katundu mwera usanayambe. Achipatala amawerengera mankhwala ndi masabata a sitima. Ife timakonza mapulani ngati kuti msewu udzakhalapo tsiku lililonse, ndipo ukaduka timathamangira kupempha thandizo. Boma lino lidakhala zaka zoposa 20 lopanda chipatala chachikulu cha boma, likudalira chipatala cha Holy Family. Lero tili ndi chipatala cha John Chilembwe, ndipo n'chonyaditsa, koma mayi wa kutsidya kwa mlatho woduka sichingamuthandize usiku umenewo.

Pempho langa kwa a khonsolo, mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ndi ili. Mapu amene ali pakhoma la ofesi akuonetsa malire a mafumu ndi a mawodi, ndipo ndi ofunika. Pambali pake pakhale mapu ena, a mwezi wa Febuluwale, oonetsa mudzi uliwonse umene umadukana ndi chipatala, msika ndi sukulu mvula ikagwa masiku awiri, mlatho umene umayamba kumira, ndi maola amene munthu amayenda msewu ukatsekeka. Nyakwawa zikudziwa kale zonsezi, alangizi a zaumoyo akudziwa, a kabaza akudziwa bwino koposa, chatsala ndi kuzilemba pamodzi. Aphunzitsi a Geography, ophunzira anu a Fomu 3 akhoza kugwira ntchito imeneyi m'teremu imodzi, aliyense za mudzi wakwawo. Mapu amenewo akapezeka, ndiwo atiuze zipatala zing'onozing'ono zoyenera kulandira mankhwala a miyezi itatu Disembala asanafike, malo okwera oyenera kusungirako chimanga, amayi oyembekezera oyenera kupita kuchidikiro msanga, ndi milatho yoyenera kuyamba kudya ndalama za CDF ndi za khonsolo. Ndipo khonsolo yathu ikakumana ndi ya Zomba ndi ya Machinga pa nkhani za Chilwa, agwirizane nyengo ya mvula isanayambe kuti boti lopita ku zimbowera lidzachokera gombe liti, ndipo mafuta ake adzalipira ndani.